Kagera, 1978: Africa Itasowa Mawu Odzudzula Wolumpha Malire

(Nyimbo yotsegulira, kenako itsike pang'onopang'ono)

Lero tili ndi funso limene limasowetsa tulo akazembe ndi nduna zoona za maiko akunja. Dziko likathira nkhondo mnansi wake n'kulanda chigawo cha eni, maiko ena azitani nalo? Alidzudzule poyera, alitsekere malonda, akhale nalo pansi, kapena angoti izo n'zawo?

Yankho sitikalifuna kutsidya la nyanja zazikulu. Tiyeni kumpoto chakumadzulo kwa Tanzania, ku mtsinje wa Kagera, m'chaka cha 1978.

Mtsinje wa Kagera umathira m'nyanja ya Victoria. Malire a Tanzania ndi Uganda m'dera limeneli satsata mtsinjewo ayi. Ndi mzere woongoka umene Angerezi ndi Ajeremani anagwirizana m'pangano lawo la 1890. Choncho pali kachigawo ka Tanzania kamene kali kumpoto kwa mtsinje, kopanikizika pakati pa madzi ndi mzerewo, kokula masikweya kilomita pafupifupi 1,800, kuposa pang'ono boma la Thyolo. Mtsogoleri wa Uganda, a Idi Amin, ankanena kuti malire oyenera ndi mtsinje, ndipo kachigawoko n'kawo.

Pa 30 Okutobala 1978 asilikali a Uganda analowa m'chigawochi mwaunyinji. Pa 1 Novembala wailesi ya boma ku Kampala inalengeza kuti dera lonse la kumpoto kwa Kagera tsopano ndi Uganda. Asilikaliwo anaphulitsa mlatho wa pa Kyaka, anapha anthu wamba, anagwirira amayi, anakusa ng'ombe, anasasula malata pa nyumba za anthu, anaphwasula ngakhale fakitale ya shuga. Anthu pafupifupi 40,000 anathawira kumwera. Za chimene chinawatuma a Amin, olemba mbiri amasiyana maganizo. Ena amati ankafuna kutangwanitsa asilikali awo amene anali atayamba kuukirana okhaokha, chuma cha dziko chitagwa. Ena amati akuluakulu a asilikali a m'malire ndiwo anayambitsa, a Amin n'kungovomereza pambuyo. Koma za amene analumpha malire ndi mfuti n'kulengeza kuti watenga dziko la mnzake, palibe mkangano.

Tisanapitirire, tinene chilungamo, pakuti manja a Tanzania sanali oyera kotheratu. A Amin analanda boma la a Milton Obote mu Januwale 1971, a Obotewo ali ku msonkhano wa Commonwealth ku Singapore. Mtsogoleri wa Tanzania, Mwalimu Julius Nyerere, anawalandira a Obote ku Tanzania ndipo anakana kuvomereza boma la a Amin. Mu Sepitembala 1972 Auganda othawa kwawo anachokera m'dziko la Tanzania ndi zida kukayesa kugwetsa a Amin. Analephera, ndipo ndege za Uganda zinaponya mabomba ku Bukoba ndi ku Mwanza. Amene anazimitsa moto umenewo anali a Siad Barre a ku Somalia, kudzera m'pangano la ku Mogadishu la Okutobala 1972, limene linati asilikali a mbali zonse abwerere m'mbuyo makilomita 10 kuchoka pamalire. Pamenepo ukhalapakati unagwira ntchito, chifukwa aliyense anali ndi choti alape.

Za 1978 zinali zina. Pa 2 Novembala a Nyerere analankhula ku Dar es Salaam, mtundu wonse uli tcheru pa wailesi. Anati chifukwa chomenyera a Amin ali nacho, mphamvu ali nazo, ndipo mtima wochita zimenezo ali nawo. A Amin anayankha mwachipongwe, amvekere akumane awiriwo m'bwalo la nkhonya, Muhammad Ali akhale woimbira, kuti asilikali asafe. Anthu anaseka m'maiko ambiri, koma ku Kagera maliro anali asanaikidwe.

Tsono mverani chimene a Nyerere anapempha ku bungwe la umodzi wa maiko a mu Africa, la OAU. Sanapemphe asilikali, sanapemphe ndalama. Anapempha mawu: bungwe linene poyera kuti Uganda yalakwa. Kenako ankafunanso kuti Uganda isiyiretu kunena kuti Kagera ndi yake, ndi kuti ilipire zimene yawononga.

Wapampando wa OAU chaka chimenecho anali a Gaafar Nimeiry a ku Sudan, ndipo mlembi wamkulu anali a Edem Kodjo a ku Togo. Bungweli linatumiza nthumwi ku Kampala ndi ku Dar es Salaam kukapempha mbali zonse ziwiri kuti zileke kumenyana zikhale pansi. Chidzudzulo sichinatuluke. Atsogoleri ochepa okha ndi amene anatsegula pakamwa paokha: a Kenneth Kaunda a Zambia, a Samora Machel a Mozambique, a Seretse Khama a Botswana, a Agostinho Neto a Angola, pamodzi ndi atsogoleri a Ethiopia ndi Madagascar. Mozambique inatumizanso gulu la asilikali ake kukathandiza Tanzania. Otsala onse, m'bungwe la maiko pafupifupi 50, anasankha mawu ofewa oti abale musamenyane.

Maganizo a OAU sanali opusa, ndipo ndi bwino kuwamvetsa. Akazembe amati mkhalapakati akadzudzula mbali imodzi, mbaliyo imamuthawa, ndiye khomo la zokambirana latsekeka. Amatinso mtsogoleri amene wachititsidwa manyazi pagulu amaumitsa khosi, pamene womusiyira kanjira kobwerera amatha kubwerera. Zimenezi n'zoona m'milandu yambiri. Koma malamulo a OAU yomweyo, olembedwa ku Addis Ababa mu 1963, anali ndi mfundo ziwiri zoyandikana: dziko lisalowerere za m'kati mwa dziko lina, komanso dziko lililonse lilemekeze malire a linzake. Ndipo ku Cairo mu 1964 atsogoleri anagwirizana kuti malire amene maiko anawapeza pa tsiku la ufulu akhale momwemo, ngakhale anajambulidwa ndi atsamunda. Amene anabweretsa ganizo limenelo ku Cairo anali a Nyerere omwewo. Choncho zimene a Amin anachita ku Kagera sizinali za m'nyumba mwa Uganda. Kunali kuswa lamulo limene Africa inadziikira yokha, ndipo bungwe losunga lamulolo linalephera kulitchula.

Taganizirani bwalo la kwa mfumu. Anthu awiri akamakangana kuti malire a munda akudutsa pati, mfumu imamva mbali zonse, imaitana akuluakulu odziwa pamene nkhadze za m'malire zinadzalidwa, n'kuwayanjanitsa. Koma wina akabwera usiku, n'kuzula chimanga cha mnzake, kutentha nkhokwe, n'kuzika msasa pakati pa munda, mfumu siyamba ndi mawu oti gwirizanani. Imayamba n'kumuuza kuti choka m'munda mwa mwini, walakwa, za malirezo tikamba ukatuluka. Ikapanda kutero, wotenthedwa nkhokwe uja amaona kuti bwalo lamutaya, ndipo amakadzitengera yekha chilungamo.

Kusiyana kumeneku kukutikhudza ife a m'chigawo chino. Pangano lomwe lija la 1890 ndi limene Malawi imagwiritsa pa mkangano wake ndi Tanzania wokhudza kumpoto kwa nyanja ya Malawi. Mkanganowo utabukanso mu 2012 chifukwa cha ziphaso zofufuzira mafuta, maiko awiriwa anautengera kwa atsogoleri opuma motsogozedwa ndi a Joaquim Chissano a ku Mozambique. Nkhaniyo sinathe, koma palibe msilikali amene analanda mudzi wa mnzake. Mkangano wotero ndi umene mkhalapakati amayenera kusaonetsa mbali.

(Nyimbo pang'ono)

Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukamba za nkhondo ya Kagera ya 1978 ndi mmene maiko anachitira ndi Uganda italanda chigawo cha Tanzania.

Kupatula mawu, maiko anali ndi chida china m'manja, ndicho malonda. Uganda ilibe gombe la nyanja yamchere, ndipo omvera a ku Malawi ndi ku Zambia akudziwa bwino tanthauzo la zimenezo. Mafuta ake ankadzera pa doko la Mombasa ku Kenya. Chida chimenechi chinali chitayesedwa kale. Mu 1976 a Amin ananena kuti mbali ina ya kumadzulo kwa Kenya inali ya Uganda. Ubale unaipa, ndipo pakati pa chakacho Kenya inafinya njira ya mafuta ndi katundu. Sipanapite nthawi, boma la a Amin linafewa n'kukhala pansi ndi Kenya. Koma mu 1978, Tanzania itapempha kuti Kenya itsekenso mafuta, Kenya sinalole. Maiko awiriwa anali pa udani: bungwe lawo la East African Community linali litagwa mu 1977, ndipo Tanzania inali itatseka malire ake ndi Kenya. A Daniel arap Moi, amene anali atangolowa m'malo mwa a Jomo Kenyatta, anangodzipereka kukhala mkhalapakati. Ziletso za malonda zimaluma pokhapokha amene wagwira pakhosi pa njira akalola kufinya, ndipo amene wagwira pakhosiyo amakhala ndi zowerengera zake.

Dziko la America linali litaletsa kale malonda ndi Uganda mu Okutobala 1978 momwemo, Kagera isanalandidwe, chifukwa cha kupha anthu kwa boma la a Amin. Zimenezo zinapweteka, pakuti khofi ndiye ankabweretsa pafupifupi ndalama zonse zakunja za Uganda ndipo America inkagula wambiri. Britain inali itadula ubale wa ukazembe mu 1976. Koma Libya ya a Muammar Gaddafi inaima ndi a Amin mpaka kumapeto. Bungwe la United Nations nalo, kudzera mu Security Council, silinapereke chigamulo chilichonse pa nkhondo yonseyi. Nkhaniyo inasiyidwa m'manja mwa Africa.

Pakati pa Novembala a Amin analengeza kuti akuchotsa asilikali awo ku Kagera, gulu la nkhondo la Tanzania likuyandikira. Ambiri anapuma mpweya wabwino n'kuti basi zatha. Kwa a Nyerere sizinathe. Panalibe chidzudzulo, panalibe chipukuta misozi, ndipo panalibe wowatsimikizira kuti munthu yemweyo sadzabweranso mvula ikatha. Tanzania inakuza gulu lake la nkhondo kuchoka pa asilikali osakwana 40,000 kufika oposa 100,000, kuphatikizapo apolisi, a ndende ndi achinyamata. Mu Januwale 1979 anawoloka malire n'kutenga tauni ya Mutukula. Mu Febuluwale anatenga Masaka ndi Mbarara, ndipo anagumula nyumba zambiri za m'matauniwa pobwezera za ku Kagera. Zimenezo sizinali zodziteteza ayi, ndipo anthu a ku Masaka sanali amene anakusa ng'ombe za ku Kagera. Komiti ya OAU inakumana ku Nairobi mwezi womwewo osaphula kanthu. A Gaddafi anatumiza asilikali awo, amene anagonja pa nkhondo ya ku Lukaya mu Malichi. Kumapeto kwa mwezi umenewo magulu a Auganda otsutsa boma anasonkhana ku Moshi n'kusankha a Yusuf Lule kuti atsogolere. Pa 11 Epulo 1979 Kampala inagwa. A Amin anathawira ku Libya, kenako ku Saudi Arabia, kumene anamwalira mu 2003.

Malamulo a United Nations amaletsa dziko kugwiritsa ntchito mphamvu polanda dera la dziko lina, ndipo ndime ya 51 imalola dziko lothiridwa nkhondo kudziteteza. Koma kudziteteza kuli ndi polekezera. Kuthamangitsa mdani m'dziko lako n'kololedwa. Kumutsatira mpaka ku likulu lake n'kuikapo boma lina ndi chinthu chimene akadaulo a malamulo amatsutsana nacho mpaka lero. Anthu a ku Kampala anavina m'misewu, ndipo ndani angawadzudzule? Ulamuliro wa a Amin unapha anthu amene ambiri amati anafika 300,000, mmodzi mwa iwo Akibishopu Janani Luwum mu 1977. Komabe zotsatira zake zinali zowawa. A Lule anakhala pampando masiku 68 okha. A Godfrey Binaisa amene anawalowa m'malo anachotsedwa chaka chisanathe. Chisankho cha Disembala 1980 chinabwezera a Obote pampando anthu ambiri akuti mavoti anaberedwa, ndipo mu 1981 a Yoweri Museveni analowa m'tchire, nkhondo ina n'kuyamba mpaka 1986. Tanzania inawononga ndalama zoposa madola 500 miliyoni, pafupifupi yokhayokha, ndipo anthu ake anafola mizere ya sopo ndi shuga kwa zaka.

Maganizo anga ndi akuti mbali yaikulu ya mavuto amenewa inabadwa m'masabata awiri oyamba a Novembala 1978. OAU ikanatchula wolakwa, n'kulamula kuti atuluke ndi kulipira, ikanakhala ndi nkhope yoimira pamaso pa a Nyerere mu Januwale n'kuwauza kuti lekerani pamalire pomwepo. Popeza inakhala chete kwa woyamba, mawu ake kwa wachiwiri analibe kulemera. Zinaoneka poyera pa msonkhano wa ku Monrovia mu Julayi 1979, pamene a Nimeiry ndi a Olusegun Obasanjo a ku Nigeria anadzudzula Tanzania chifukwa cholowa m'dziko la eni. Nkhawa yawo inali yomveka, pakuti dziko lililonse lamphamvu likayamba kuchotsa maboma a anansi ake, ang'onoang'ono sangagone. Koma a Binaisa anaimirira n'kukumbutsa msonkhanowo kuti bungwe lomweli linangoyang'ana Auganda akuphedwa zaka zisanu ndi zitatu. Linachita kumupatsa upampando wakuphayo mu 1975, pa msonkhano wa ku Kampala umene Tanzania, Zambia ndi Botswana anaunyanyala. Manyazi a ku Monrovia sanapite pachabe. Msonkhano womwewo unalamula kuti kulembedwe chikalata cha ufulu wa anthu mu Africa, chimene chinavomerezedwa ku Nairobi mu 1981. Ndipo malamulo a African Union a m'chaka cha 2000 amalola bungwelo kulowerera m'dziko mmene mukuchitika milandu ya nkhondo kapena kupulula mtundu wa anthu.

Kuti tione mmene zimakhalira maiko akatchula wolakwa msanga, tiyang'ane ku Kuwait. Iraq ya a Saddam Hussein inalowa m'dzikolo pa 2 Ogasiti 1990. Tsiku lomwelo Security Council inadzudzula n'kulamula kuti ituluke. Patapita masiku anayi inaika ziletso za malonda, ndipo Iraq italengeza kuti Kuwait ndi chigawo chake, bungwelo linati kulengezako n'kopanda mphamvu. Khomo la zokambirana silinatsekedwe chifukwa cha chidzudzulocho. Pa 9 Januwale 1991 a James Baker a ku America ndi a Tariq Aziz a ku Iraq anakhala pansi maola ambiri ku Geneva, ngakhale sanamvane. Nkhondo itachitika, asilikali a mgwirizano anamasula Kuwait koma sanapite ku Baghdad, pa zifukwa zingapo, china chake n'chakuti chilolezo chawo chinali cha Kuwait. Iraq inalipira chipukuta misozi cha madola 52.4 biliyoni, n'kumaliza mu 2022. Sindikunena kuti zonse zinayenda bwino. Liwiro limenelo linabwera chifukwa pansi pa Kuwait pali mafuta ndipo maiko akuluakulu anali atangoleka kumene kukokana. Ziletso zinapitirira zaka zoposa khumi n'kuzunza ana ndi odwala a mu Iraq, wolamulirayo ali phee pampando. Ndipo mu 2003 America ndi Britain analowa mu Iraq popanda chilolezo cha Security Council, kuswa lamulo lomwe ankaliteteza mu 1990.

Funso lotchula wolakwali linatsata Africa mpaka m'chipinda cha msonkhano waukulu wa United Nations pa 2 Malichi 2022, patangopita masiku ochepa Russia itathira nkhondo Ukraine. Ku Security Council nkhaniyo inali itakanika, chifukwa Russia ili ndi mphamvu yoletsa chigamulo. Pa msonkhano waukuluwo maiko 141 anavota kudzudzula Russia, asanu anakana, ndipo 35 sanavotere mbali iliyonse. Malawi ndi Zambia anali m'gulu la odzudzula. Masiku angapo m'mbuyomo kazembe wa Kenya, a Martin Kimani, anali atakumbutsa dziko lapansi kuti Afirika anavomera kukhala ndi malire a atsamunda, ngakhale amadula mitundu pakati, chifukwa kuwakonza ndi mfuti kukanabweretsa nkhondo zosatha. Imeneyo ndi mfundo ya ku Cairo ija.

South Africa, Zimbabwe ndi Mozambique sanavotere mbali iliyonse. Zifukwa zawo si zobisika: akukumbukira zida ndi maphunziro zimene Soviet Union inapereka pa nkhondo za ufulu, ena amadalira Russia pa zida, tirigu ndi feteleza, ndipo ambiri amafunsa kuti odzudzula leroli anali kuti pa za Iraq. Ena ankatinso akufuna kusunga mwayi wokhala mkhalapakati, ndipo mu Juni 2023 atsogoleri a mu Africa, kuphatikizapo a Cyril Ramaphosa ndi a Hakainde Hichilema, anapitadi ku Kyiv ndi ku St Petersburg. Analandiridwa konse kuwiri, koma nkhondo sinaime, ndipo mwezi wotsatira Russia inatuluka m'pangano lolola tirigu wa ku Ukraine kudutsa pa Black Sea. Mkwiyo wa za Iraq ndimaumva, koma kulakwa kwa America mu 2003 sikupatsa Russia chilolezo mu 2022, ndipo maiko opanda zida zambiri ngati athu ndi amene amatetezedwa kwambiri ndi lamulo loletsa kulanda dera la mnansi. Pa tsiku la voti lija Uganda sinavotere mbali iliyonse. Tanzania nayo, dziko limene mu 1978 linachonderera Africa yonse kuti itchule wolakwa, sinavotere mbali iliyonse, ndipo zimenezo zimandimvetsa chisoni.



(Nyimbo yotsekera)